Mbiri ya Public Affairs Committee ndi Ubale Wake ndi Boma la Malawi

Public Affairs Committee, lomwe Amalawi amangolitchula kuti PAC, ndi bungwe la zipembedzo lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1992, dziko lili pansi pa chipani chimodzi cha Malawi Congress Party ndi pulezidenti wamuyaya Dr. Hastings Kamuzu Banda. Masiku ano mamembala ake ndi mabungwe asanu oimira mipingo ndi mizikiti: bungwe la maepiskopi a Katolika, Malawi Council of Churches, Evangelical Association of Malawi, Muslim Association of Malawi ndi Quadria Muslim Association of Malawi. Likulu lake lili ku Lilongwe. Palibe lamulo la dziko lomwe limapatsa PAC mphamvu zoitanitsa pulezidenti kapena kulamula nduna, komabe chiyambire pa a Banda palibe boma lomwe lakwanitsa kungolinyalanyaza. Mphamvu zake zimachokera kwa anthu omwe amadzaza matchalitchi Lamulungu ndi mizikiti Lachisanu, ndipo zimakula kapena kuchepa malingana ndi mmene boma likufunira munthu wolankhula naye pa nthawi imeneyo.

PAC isanabadwe, malo a mabungwe omwe si aboma anali opanikiza kwambiri. Mu 1966 Malawi anakhala dziko la chipani chimodzi mwa lamulo, ndipo mu 1971 a Banda anapatsidwa upulezidenti wamuyaya. Mabungwe a anthu apantchito anafooketsedwa, nyuzipepala ndi wayilesi zinali m'manja mwa boma ndi chipani, ndipo munthu ankatha kutsekeredwa zaka zambiri osaonekera kukhoti. Khadi la chipani linkafunsidwa pakhomo la msika ndi pokwera basi. A Mboni za Yehova, omwe anakana kugula khadilo, analetsedwa mu 1967 ndipo ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Mabungwe omwe ankaloledwa anali othandiza ovutika basi, ndipo mu 1985 anasonkhanitsidwa pansi pa Council for Social Welfare Services, lomwe pambuyo pake linasanduka CONGOMA. Mipingo ikuluikulu inkayendetsa masukulu ndi zipatala zambiri, atsogoleri ake nkumapemphera pa misonkhano ya boma, koma pa nkhani ya anthu omangidwa popanda mlandu inakhala chete kwa zaka zambiri. Ngakhale zinali choncho, mpingo unali ndi chinthu chimodzi chomwe bungwe lina lililonse linalibe: unkasonkhanitsa anthu sabata iliyonse m'mudzi uliwonse, wotsogolera msonkhano asali tcheyamani wa chipani.

Maepiskopi a Katolika ndiwo anayamba kugwiritsa ntchito mwayi umenewu. Pa 8 Marichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, kalata yawo inawerengedwa tsiku limodzi m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse. Makope okwana 16,000 anasindikizidwa mwachinsinsi ku Montfort ku Balaka, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Mawu ake anali aulemu, koma inatchula zinthu zomwe aliyense ankazidziwa nkumangonong'onezana: malipiro ochepa a ogwira ntchito, mitengo yotsika yomwe alimi ankagulitsira mbewu zawo, kuthithikana kwa ana m'makalasi, kusiyana kwa chithandizo cha odwala olemera ndi osauka, kumangidwa kwa anthu chifukwa cha maganizo awo, ndi mantha omwe anaphimba dziko. Boma linalamula kuti kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu woukira. Maepiskopi, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona, anafunsidwa mafunso kwa maola ambiri kupolisi ya Kanjedza, malo osindikizira a ku Balaka anaotchedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa dayosizi ya Mzuzu, yemwe anali nzika ya Ireland, anathamangitsidwa m'dziko mwezi wa Epulo.

Zinthu zinathamanga. Ophunzira a ku Chancellor College anachita zionetsero zogwirizana ndi maepiskopi. Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe chifukwa choitanira ndale za zipani zambiri. Mu Meyi sitiraka ya ogwira ntchito pa kampani ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre inabala zipolowe zomwe zinaphetsa anthu oposa 30, ndipo mwezi womwewo mayiko othandiza Malawi atakumana ku Paris anaimitsa thandizo lonse kupatula la anthu ovutika ndi njala ndi othawa nkhondo.

Kalata ya maepiskopi inatsegula pakamwa pa anthu, koma sinakhazikitse njira yokambirana ndi boma. Ntchito imeneyo inayambira ku mpingo wa CCAP. Kumayambiriro kwa Juni 1992 nthumwi za World Alliance of Reformed Churches, pamodzi ndi atsogoleri a CCAP, zinapereka kalata kwa a Banda yopempha kuti pakhale bungwe lounika mavuto omwe maepiskopi anatchula. A Banda, omwe ankanyadira kuti ndi mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, sakanatha kuwatcha anthu amenewa zigawenga mosavuta, ndipo anavomera kuti atsogoleri a mipingo akumane ndi nduna zawo. Apa ndi pamene panachitika chinthu chanzeru chomwe chinasintha mbiri ya dziko. Abusa anakana kupita okha. Anaumirira kuti nkhani za dziko ndi za anthu onse, ndipo anaitana Akatolika, Aangilikani, mipingo ya mu Christian Council of Malawi, Muslim Association of Malawi, bungwe la maloya la Malawi Law Society ndi bungwe la amalonda. Magulu a AFORD ndi UDF, omwe pa nthawiyo sankaloledwa kudzitcha zipani, analowanso m'komitiyo atangodziulula poyera. Sinodi ya Nkhoma, yomwe dera lake ndi chigawo chapakati kwawo kwa a Banda, sinalowe nawo; Sinodi za Blantyre ndi Livingstonia ndizo zinali patsogolo.

Boma linayesetsa kuti zokambiranazo zikhale za azibusa okha, koma linagonja. Linakhazikitsa komiti yake ya Presidential Committee on Dialogue, momwe munali nduna ndi akuluakulu a chipani kuphatikizapo a John Tembo, ndipo mbali ziwirizi zinayamba kukumana mu Okutobala 1992. Aka kanali koyamba chilandirire ufulu mu 1964 kuti boma likhale pa tebulo limodzi ndi gulu la nzika zomwe silinazisankhe lokha. Pa 18 Okutobala a Banda analengeza kuti kudzakhala riferendamu yoti anthu asankhe pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri, akukhulupirira kuti adzapambana.

Miyezi isanu ndi itatu yotsatira ndi yomwe PAC inagwira ntchito yake yaikulu koposa, ndipo yambiri inali yokangana pa tinthu tooneka tating'ono. Boma linaika tsiku la 15 Marichi 1993, lomwe likanapatsa otsutsa nthawi yochepa yofikira anthu akumudzi. PAC, mothandizidwa ndi malangizo a United Nations, inakakamiza kuti tsikulo lisunthe kufika pa 14 Juni. Inalimbiranso kuti mbali yotsutsa ikhale ndi oiimira m'bungwe loyendetsa riferendamu, komanso kuti iziloledwa kuchititsa misonkhano. Mkangano woopsa kwambiri unali wa mabokosi. Boma linkafuna mabokosi awiri, lina la chipani chimodzi ndi lina la zipani zambiri. Kwa munthu wakumudzi yemwe ankadziwa kuti apayoniya ndi achinyamata a chipani amaonetsetsa chilichonse, mabokosi awiri ankatanthauza kuti voti yake sikhala yachinsinsi, ndipo zikanakhalanso zosavuta kusowetsa bokosi limodzi lathunthu. Mbali ya PAC inaopseza kuti inyanyala riferendamuyo, mpaka boma linavomera bokosi limodzi. Wovota ankalandira mapepala awiri, lina la chithunzi cha nyali kuimira matipate ndi lina la tambala wakuda kuimira chipani chimodzi, nkuponya lomwe wasankha, linalo nkulitaya. PAC inatumizanso anthu ake oyang'anira m'malo oponyera voti. Anthu pafupifupi 63 mwa 100 aliwonse anasankha nyali, ngakhale chigawo chapakati chinavotera kwambiri tambala. A Chihana anali atatuluka m'ndende masiku awiri voti isanachitike.

Kupambanako kunasintha PAC yeniyeniyo. Nyumba ya Malamulo itachotsa ndime yomwe inkaletsa zipani zina, udindo wokonza kusinthaku unapita ku National Consultative Council, momwe munkakhala zipani zokha. AFORD ndi UDF zinatuluka mu PAC kukakonzekera chisankho cha pa 17 Meyi 1994, chomwe a Bakili Muluzi anapambana. Maloya ndi amalonda nawonso anabwerera ku ntchito zawo, ndipo PAC inatsala ngati bungwe la zipembedzo lophunzitsa anthu za ufulu ndi zisankho, kuyang'anira kayendetsedwe ka boma ndi kuyanjanitsa okangana. Ena mwa azibusa omwe anali patsogolo mu 1992 analowa ndale kapena kulandira maudindo a ukazembe, ndipo kwa zaka zingapo bungweli linkavutika kudzudzula anthu omwe dzulo lake linkakhala nawo mbali imodzi ya tebulo. Mu 1995 aphungu anachotsa m'malamulo aakulu a dziko ndime 64, yomwe inkapatsa anthu mphamvu zochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, ndipo mu 2001 anachotsanso ndime zokhazikitsa nyumba ya Senate. Zonse ziwiri zinali njira zoti anthu wamba ndi mafumu azikhala ndi mawu pa boma, ndipo mabungwe sanathe kuziteteza.

Chaka cha 2001 chomwecho kunabwera lamulo la mabungwe omwe si aboma, lomwe linakhazikitsa NGO Board, nkulamula kuti mabungwe azilembetsa kumeneko, akhale mamembala a CONGOMA, ndipo asamalowerere ndale za zipani. Mawu oti kulowerera ndale akhala chida cha boma lililonse chiyambire pamenepo: bungwe likamayamikira boma limatchedwa bwenzi la chitukuko, likamadzudzula limauzidwa kuti likalembetse ngati chipani.

Nkhani ya teremu yachitatu ndiyo inadzutsanso PAC. Malamulo amalola pulezidenti kulamula materemu awiri otsatizana a zaka zisanu, koma akuluakulu a UDF anayamba kufuna kuti a Muluzi apitirize. Maepiskopi a Katolika ndi Sinodi yaikulu ya CCAP analemba makalata ochenjeza mu 2001, ndipo PAC inagwirizana ndi maloya, ophunzira ndi mabungwe omenyera ufulu wa anthu potsutsa ganizoli. Mu 2002 a Muluzi analetsa zionetsero zonse zokhudza nkhaniyi, ndipo woweruza Dunstain Mwaungulu anagamula kuti chiletsocho chikuphwanya malamulo aakulu a dziko. Pa 4 Julayi 2002 bilo yochotseratu malire a materemu, yomwe inabweretsedwa ndi phungu wa AFORD a Khwauli Msiska, inapeza mavoti 125 pomwe inkafunika 128. Mavoti atatu okha ndiwo anapulumutsa ndime ya malire a materemuyo, ndipo n'zovuta kuganiza kuti aphungu omwe anakana akanalimba mtima choncho popanda mawu omwe ankamveka paguwa m'madera awo. Kuyesanso kwa Januwale 2003 kunalephera.

Nkhondo imeneyi inaonetsa pomwe PAC ili yofooka. A Muluzi ndi Msilamu, ndipo Asilamu ena ankaona ngati mipingo ikuwada chifukwa cha chipembedzo chawo, makamaka pokumbukira mizikiti yomwe inaotchedwa kumpoto pambuyo pa chisankho cha 1999. Mu Juni 2003 matchalitchi anaonongedwa ku Mangochi pa zipolowe zomwe zinabuka boma litapereka kwa Amereka anthu asanu oganiziridwa kuti ndi a al-Qaeda. Bungwe lomwe mamembala ake amatsatira zigawo ndi zipembedzo zosiyana limalankhula mawu amodzi pokhapokha ngati onsewo akuona kuti vutolo ndi lawo, ndipo andale amadziwa bwino kugwiritsa ntchito mng'alu umenewu.

Pa teremu yoyamba ya a Bingu wa Mutharika, omwe analowa m'malo mwa a Muluzi, mabungwe ambiri anali kumbali ya boma. A Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 nkuyambitsa DPP, otsutsa omwe anali ochuluka m'Nyumba ya Malamulo ankakana kuvomereza bajeti mpaka sipikala atachotsa aphungu osintha zipani potsatira ndime 65. Mabungwe ndi ophunzira anaumirira kuti bajeti idutse kaye, ndipo ndime 65 inangogonekedwa. DPP itapambana kwambiri mu 2009 zinthu zinatembenuka. Pofika 2011 mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja zinkasowa, mphunzitsi wa ku Chancellor College a Blessings Chinsinga anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi, ndipo kazembe wa Britain a Fergus Cochrane-Dyet anathamangitsidwa. Zionetsero za pa 20 Julayi, zomwe zinakonzedwa ndi mabungwe omenyera ufulu osati PAC, zinathera pa imfa za anthu 20, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Zokambirana zomwe United Nations inakhalira pakati sizinaphule kanthu kwenikweni, maofesi ndi nyumba za ena omenyera ufulu zinaotchedwa, ndipo mu Seputembala wophunzira wa ku Polytechnic Robert Chasowa anapezeka atafa.

Mu Marichi 2012 PAC, wapampando wake ali Episkopi James Tengatenga wa Angilikani, inaitanitsa msonkhano wa magulu onse okhudzidwa pa tchalitchi chachikulu cha Katolika ku Limbe. Kunabwera azipembedzo, andale otsutsa, maloya, aphunzitsi a m'yunivesite ndi amalonda, gulu lofanana kwambiri ndi la 1992. Nthumwi zinapempha kuti a Mutharika atule pansi udindo pasanathe masiku 60, apo ayi paitanidwe riferendamu pasanathe masiku 90. Palibe yemwe anaona mathero a malire amenewa, chifukwa a Mutharika anamwalira pa 5 Epulo ndipo a Joyce Banda analumbiritsidwa pa 7 Epulo. Koma msonkhano wa magulu onse unakhazikika ngati chida chachikulu cha PAC, ndipo unabwerezedwa kangapo zaka zotsatira.

Kuyambira apa bungweli lakhala likusenza maudindo awiri omwe sagwirizana kwenikweni, wodzudzula boma ndi wokhala mkhalapakati. Mu Meyi 2014 linasainitsa opikisana pa upulezidenti pangano la mtendere la Lilongwe Peace Declaration chisankho chisanachitike, ndipo mwambowu wakhala ukubwerezedwa pa zisankho zotsatira. A Peter Mutharika anapambana chisankhocho ndi mavoti 36 mwa 100 aliwonse, zomwe zinakulitsa mfuwu woti pulezidenti azisankhidwa ndi mavoti opitirira theka. Bungwe lounika malamulo litavomereza ganizoli mu 2017, PAC motsogozedwa ndi Mbusa Felix Chingota inapereka chikalata kwa pulezidenti ndi kwa sipikala, atsogoleri a zipembedzo akuyenda okha mumsewu ku Lilongwe atavala zovala zawo zaubusa, ndipo inalengeza zionetsero za dziko lonse pa 13 Disembala ngati mabilo osintha malamulo a zisankho sakafika ku Nyumba ya Malamulo. Boma litayamba kuwabweretsa, PAC inaimitsa zionetserozo. Patangopita masiku ochepa aphungu anakana bilo ya 50+1, yofuna mavoti opitirira thekawo. Uku kunali kugonja kowawa, ndipo anthu ambiri anaona kuti bungweli linataya chida chake posinthana ndi lonjezo lopanda chikole.

Mpata womwe unatsala unatengedwa ndi ena. Chisankho cha pa 21 Meyi 2019, chomwe chinatchuka ndi kufufuta zotsatira ndi Tippex, chitabala mkangano, amene anatsogolera makamu a anthu mumsewu kwa miyezi yambiri anali Human Rights Defenders Coalition ya a Timothy Mtambo ndi a Gift Trapence. PAC inasankha gulu la amkhalapakati lotsogozedwa ndi Arkiepiskopi Thomas Luke Msusa, lomwe linkayendera pulezidenti, atsogoleri otsutsa, wapampando wa bungwe la zisankho a Jane Ansah ndi okonza zionetsero. Nkhaniyi inathera kukhoti. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankhocho nkutanthauzira kuti malamulo aakulu a dziko amafuna kale mavoti opitirira theka, ndipo khoti la apilo linavomereza chigamulocho mu Meyi. Chinthu chomwe PAC inalephera kupeza kwa aphungu chinabwera kudzera kwa oweruza. A Lazarus Chakwera, omwe kale anali mtsogoleri wa mpingo wa Assemblies of God, anapambana chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020, ndipo a Mtambo analowa m'nduna zawo, monga zinachitikira kwa ena mu 1994.

Pulezidenti kukhala mbusa sikunatseke pakamwa PAC. Mu Januwale 2022, wapampando ali Monsinyo Patrick Thawale, bungweli linakumana ndi a Chakwera nkuwauza poyera kuti akuchedwa kupanga ziganizo, kuti katangale akukula ndipo asinthe nduna zawo. Pa 24 Januwale pulezidentiyo anathetsa kabineti yonse. Ntchito ina yomwe sinatchuke kwambiri koma inakhudza mabanja mwachindunji inali ya hijabu. Mkangano woti atsikana achisilamu azivala hijabu m'masukulu a mipingo omwe amathandizidwa ndi boma unafika pomenyana ndi kutsekedwa kwa sukulu ku M'manga m'boma la Balaka mu 2019. Boma, lomwe limalipira aphunzitsi koma si mwini wa masukuluwo, silikanatha kugamula lokha, ndipo PAC ndiyo inakhalira pakati mpaka mbali ziwirizi zinasainirana mgwirizano mu 2021.

Ndalama zoyendetsera ntchito za PAC, monga za mabungwe ambiri omwe si aboma m'Malawi, zimachokera kwambiri kwa mabungwe ndi mayiko akunja osati m'mbale ya chopereka, ndipo boma likakwiya limakonda kunena kuti odzudzulawo akutumikira omwe amawapatsa ndalama. Mfundo zomwe misonkhano ya magulu onse imamanga sizikakamiza aliyense, ndipo zina, monga kuchepetsa mphamvu za pulezidenti posankha anthu m'maudindo, zabwerezedwa kwa atsogoleri osiyanasiyana omwe anazivomereza ali kotsutsa nkuzisiya atalowa m'boma. Malamulo okhudza mabungwe nawo akhala akukhwima. Bilo yosintha lamulo la 2001 inaimitsidwa ndi khoti mu 2018 mabungwe atadandaula, koma mu 2022 inadutsa, ndipo NGO Board inasanduka NGO Regulatory Authority yokhala ndi mphamvu zambiri zoyang'anira mabungwe ndi zilango zokulirapo kwa osatsatira. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokhazikitsa Malawi Peace and Unity Commission pamodzi ndi makomiti a mtendere m'maboma, potsatira ndondomeko ya mtendere ya dziko ya 2017 yomwe PAC inathandiza nawo kukonza. Ntchito yoyanjanitsa okangana, yomwe kwa zaka 30 inkadalira kwambiri azipembedzo, tsopano ili ndi bungwe la boma lokhazikitsidwa mwa lamulo, ndipo PAC imagwira nalo ntchito ikupitiriza kukumana ndi pulezidenti, kuitanitsa misonkhano ya magulu onse ndi kusainitsa mapangano a mtendere pa nthawi ya zisankho.